Nsomba zanga zatsopano zayamba kudya

Masabata awiri apitawo ndinafunsa chifukwa chimene nsomba zanga zinayi zatsopano za mtundu wa neon tetra zinkabisalira kuseri kwa zomera m'thanki osafuna kudya. Monga anandilangizira anthu amene anandiyankha, ndinachepetsa kuwala kwa magetsi, ndinayeza madzi n'kupeza kuti mulibe ammonia kapena nitrite (zinthu zapoizoni zochokera ku zinyalala za nsomba), kenako ndinawonjezera nsomba zina zinayi kuti gulu likwane 8. Patatha masiku atatu mzere wa buluu wa pathupi pa nsombazi umene unali utazilala unayambanso kunyezimira. Tsopano chakudya ndimachinyenya kwambiri popeza nsombazi zili ndi timilomo ting'onoting'ono, ndipo ndimathira chokhacho chimene zingamalize m'mphindi 2. Poyamba ndinadandaula kuona kuti zasiya kusambira mothinana, koma ndazindikira kuti zimaunjikana makamaka zikachita mantha.