Ana akugawa bwino koma chotsala chikuwasokoneza pa mafunso a mapatani

Madamu a Sitandade 6:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Tili pa mapatani obwerezabwereza. Funso lake ndi ili: mikanda yatungidwa motere, wofiira, wobiriwira, wakuda, woyera, kenako n'kuyambiranso. Mkanda wa nambala 50 ndi wamtundu wanji? Kugawa akugawa bwinobwino, 50 ÷ 4 akupeza 12 kutsala 2. Koma ena akulemba 12 ngati yankho, ena akungoima pomwepo. Ndikasintha n'kufunsa mkanda wa 48, ngakhale ana ochangamuka aja akulemba wofiira, ena akuti funso lalakwika poti sipanatsale kanthu. Ndiwalowetse bwanji?

Aphunzitsi a Sitandade 8:
Madamu, kugawako kuyambe kwadikira. Jambulani pabolodi mizere inayi yotsika, pamwamba pa mzere uliwonse mulembe mtundu wa mkanda. Ndiye ana azitchula manambala inu mukulemba chopingasa: 1, 2, 3, 4 pamwamba, 5, 6, 7, 8 pansi pake, mpaka 24. Mukatero afunseni zomwe akuona pansi pa woyera. Aona 4, 8, 12, 16, 20, 24, thebulo la 4 lomwe amaliimba kale. Pansi pa wofiira pali 1, 5, 9, 13, manambala opitirira thebulolo ndi 1. Tsopano funsani kuti 48 akagwera pati popanda kulemba mpaka kumeneko. Mwana wodziwa kuti 4 × 12 ndi 48 aloza yekha pa woyera. Ndiye 49 ndi wofiira, 50 wobiriwira.

Kugawa kubwere pambuyo pa zimenezi, ndipo nambala iliyonse ipatsidwe dzina lake. 4 ndi mikanda ya m'gulu limodzi. 12 ndi magulu odzadza. 2 ndi mikanda ya gulu lomwe layambika koma silinathe. Mwana asalembe "12 rem 2" yekhayekha. Alembe kuti magulu odzadza 12, yotsala 2, ndiye mkanda wa 50 ndi wachiwiri m'gulu. Amene amalemba 12 ngati yankho sanauzidwepo kuti 12 akuwerenga chiyani.

Ahedi:
Zoona. Koma nthawi nayonso njochepa. Bwanji osangowapatsa lamulo lakuti chotsala chikakhala 0, yankho ndi chinthu chomaliza m'patani? Aloweze, basi.

Aphunzitsi a Sitandade 8:
Bwana, lamulolo ndi loona pa mikanda, koma mwana akaliloweza asanaone chifukwa chake akaligwiritsa pa funso la masiku n'kulakwa. "Lero ndi Lachinayi, pakapita masiku 14 lidzakhala tsiku lanji?" Chotsala ndi 0. Woloweza uja asaka tsiku lomaliza pa sabata n'kulemba Lamulungu kapena Loweruka, pamene yankho ndi Lachinayi lomwelo. Funso lomwe limagwira paliponse n'lakuti, gulu lodzadza lomaliza lathera pati? Lamulo libwere ana atalinena okha.

Madamu a Sitandade 6:
Za masikuzo n'zimene zikubwera sabata yamawa. Fotokozani bwino pamenepo.

Mlangizi wa masamu ku zoni:
Pa masiku pali misampha iwiri, Madamu, ndipo woyamba ndi wa ife olankhula Chichewa. Mayina a masiku athu ali ndi manambala kale. Mwana akagawa 100 ÷ 7 n'kupeza 14 kutsala 2, dzanja limathamangira kulemba Lachiwiri. Akapeza 3, Lachitatu. Zimenezi zimakhoza pokhapokha ngati kuwerenga kwayambira pa Lamulungu. Ngati lero ndi Lachinayi, masabata 14 athunthu akutibweza pa Lachinayi pomwepo, ndiye tiyende masiku awiri otsalawo: Lachisanu, Loweruka. Yankho ndi Loweruka. Muwazoloweze kuika chala pa tsiku la lero kaye, n'kumasuntha chalacho potchula chotsala. Lero salitchula, chifukwa lero palibe tsiku lomwe lapita.

Msampha wachiwiri uli m'mawu a funso. "Pakapita masiku 100" ndi "tsiku la nambala 100" si chinthu chimodzi. Funso likati msonkhano wayamba Lachinayi, tsiku lake la 100 ndi liti, Lachinayilo ndiye tsiku loyamba. Pamenepo funso lafanana ndi la mikanda lija: Lachinayi ndi 1, Lachisanu ndi 2, chotsala 2 chikutipatsa Lachisanu. Kugawa n'komweko, mayankho asiyana ndi tsiku limodzi. Mafunso awiriwa muwalembe moyandikana pabolodi tsiku limodzi, ndipo muyambe ndi nambala yaing'ono ngati 9 kuti ana atsimikize pa kalendala ya m'kalasi. Pakapita masiku 9 kuchokera Lachinayi ndi Loweruka, koma tsiku la 9 ndi Lachisanu.

Amene akonda manambala a masikuwo musawaletse, angowagwiritsa bwino. Lachinayi ndi 4, kuphatikiza 100 ndi 104, ndipo 104 ÷ 7 ndi 14 kutsala 6. Tsiku la 6 ndi Loweruka. Njira iyi imalola kuwerenga chotsala ngati dzina la tsiku, Lolemba kukhala 1, Lamulungu kukhala 0.

Madamu a Sitandade 7:
Kwa ine chomwe chimagwetsa ana ambiri si chotsala ayi, koma nambala yogawira. Apatseni patani iyi: wofiira, wofiira, wakuda, woyera, woyera. Ambiri agawa ndi 3 poti mitundu ilipo itatu, pamene gulu lili ndi mikanda 5. Mkanda wa 44: 44 ÷ 5 ndi 8 kutsala 4, wachinayi m'gulu, woyera. Wogawa ndi 3 apeza 14 kutsala 2 n'kulemba wakuda. Mankhwala ake ndi oti asanagawe, azinge gulu loyamba ndi pensulo, azingenso lachiwiri, ayerekeze ngati akufanana mkanda ndi mkanda. Nanunso polemba funso muzionetsa magulu awiri athunthu ndi chiyambi cha lachitatu. Gulu limodzi lokha silikwana kuti munthu adziwe pomwe patani ikubwerera.

Posankha nambala ya funso muzisamala. Pa patani yomweyi mukafunsa mkanda wa 37 kapena wa 38, wogawa ndi 5 ndi wogawa ndi 3 apeza mtundu umodzi, ndipo muchonga wolakwa uja osadziwa. Muziyamba mwaliyesa funso ndi njira yolakwikayo, muone ngati likuwasiyanitsa.

Aphunzitsi a Sitandade 8:
Pa patani ya Madamuyi m'pomwe 8 uja amapeza ntchito. Funsani kuti pa mikanda 44 yoyamba, yofiira ilipo ingati. Gulu lililonse lili ndi yofiira iwiri, 8 × 2 ndi 16. Mikanda 4 yotsala ija ndi wofiira, wofiira, wakuda, woyera, ndiye yofiira yawonjezeka iwiri, yonse 18. Yakuda ndi 8 + 1, 9. Yoyera ndi 16 + 1, 17. Ana aphatikize 18 + 9 + 17, akapeza 44 adziwa okha kuti akhoza. Olakwa ambiri amaiwala kuyang'ana m'chotsala, amaima pa 16.

Madamu a Sitandade 6:
Mikanda ndilibe, ndipo kalasi ndi yodzadza mpaka kukhomo.

Madamu a Sitandade 7:
Mikanda si yofunika. Gulu lililonse la ana libwere ndi chimanga, nyemba, timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Zinthu 30 pa gulu zakwana. Ayale pansi motsatira patani ya zinthu zinayizo, ndipo gulu likadzadza aike kamtengo kodulira. Muwauze aime pa 22, awerenge timitengo, 5, awerenge zomwe zili kutsogolo kwa kamtengo komaliza, 2. Kenako aime pa 24. Aona kuti kutsogolo kwa kamtengo kulibe kanthu, ndipo chinthu cha 24 ndi chomwe chagundana ndi kamtengoko kumbuyo kwake. Chotsala cha 0 amachiona ndi maso pamenepo.

Chinanso muziyang'ana m'makope: ena amalemba 50 ÷ 4 ndi 11 kutsala 6. Chotsala sichingafanane kapena kuposa nambala yogawira, chifukwa mu 6 muli gulu lina lathunthu. Pansi paja mwana aona kuti wasiya kamtengo kamodzi osaika.

Aphunzitsi a masamu ku CDSS:
Mutithandiza kwambiri mukawakhazikitsa pa zimenezi, chifukwa kuno zimabweranso zitavala zina. Manambala omaliza a 2, 4, 8, 16, 32, 64 amayenda 2, 4, 8, 6 n'kubwerera. Nambala yomaliza ya 2³⁰: 30 ÷ 4 ndi 7 kutsala 2, yachiwiri m'gulu, 4. Za 7 zimayenda 7, 9, 3, 1, ndiye 7²⁰ imathera ndi 1 poti chotsala ndi 0. Pa madesimo, 1/7 ndi 0.142857 kubwerezabwereza, gulu la manambala 6. Nambala ya 50 pambuyo pa kadontho: 50 ÷ 6 ndi 8 kutsala 2, yankho 4.

Vuto la kuno ndi kakyuleta. Mwana adina 44 ÷ 5, iwonetsa 8.8, iye n'kunena kuti chotsala ndi 8. Pa 50 ÷ 4 iwonetsa 12.5, iye akuti 5. Choipa n'chakuti 100 ÷ 7 imawonetsa 14.28, ndipo 2 ameneyo amangofanana mwangozi ndi chotsala chenicheni, mwana n'kukhulupirira kuti njira yake njabwino. Atenge nambala ya kumanzere kwa kadontho, achulukitse ndi yogawira, achotse: 44 − 8 × 5 ndi 4.

Mlangizi wa masamu ku zoni:
Kwa ana othamanga a Sitandade 8 pali funso la kalendala lomwe amalikonda. 365 ÷ 7 ndi 52 kutsala 1, n'chifukwa chake deti lomwelo limasuntha ndi tsiku limodzi chaka chilichonse, ndi masiku awiri ngati pakati pali 29 February. Pa 6 July 1964, tsiku la ufulu wodzilamulira, linali Lolemba. Kufika 2024 ndi zaka 60, ndipo pakatipo 29 February wadutsa ka 15, kuyambira 1968 mpaka 2024. 60 + 15 ndi 75, 75 ÷ 7 ndi 10 kutsala 5. Kuyenda masiku asanu kuchokera Lolemba tifika Loweruka, ndipo 6 July 2024 linalidi Loweruka.

Madamu a Sitandade 6:
Zikomo nonse. M'buku muli lina lomwe chingwe chimayamba ndi mikanda itatu yachikasu, kenako ndi pomwe wofiira, wobiriwira, wakuda, woyera ayamba kubwerezedwa. Pamenepo ndiwauze achotse kaye itatuyo?

Aphunzitsi a Sitandade 8:
Eya Madamu, achotse kaye, chifukwa yachikasuyo siili m'gulu lobwerezedwa. Mkanda wa 50: 50 − 3 ndi 47, 47 ÷ 4 ndi 11 kutsala 3, wachitatu m'gulu, wakuda. Wogawa 50 osachotsa alemba wobiriwira, ndiye mumuzindikira msanga pochonga. Pabolodi paja yachikasuyo muilembe pambali, kunja kwa mizere inayi, ndipo pansi pa wofiira muyambire 4. Funso limeneli lisabwere tsiku loyamba. Lidikire mpaka atakhoza okha la 48 lija ndi la patani ya mikanda isanu.