Mabandi a labala a volleyball pa K38,000, ndigule?

MayiWaKu25: Abale ndithandizeni maganizo. Mtsikana wanga wa zaka 14 akusewera volleyball kusukulu, ndiye kochi wawo wati aliyense apeze mabandi a labala aja amavala m'mawondo potenthetsa thupi, ati mwana amadumpha kwambiri pa neti. Wina wandiuza K38,000 seti ya mabandi asanu. Alipo anaona kusintha, kapena ndingogula thumba la chimanga?

NdatopaNazo: Musayerekeze mayi. Ine ndinatumiza K45,000 pa Mpamba kwa mnyamata wina wa pa Facebook, zobwera zake timalabala tonga tomangira tsitsi. Kamodzi kanaduka tsiku lomwelo n'kumukwapula mwana pantchafu. Nambala yake mpaka lero siikupezeka. Mulungu akumuona.

MjoniWeniweni: Vuto lanu mumakonda zotchipa. Wanga ndinamugulira ku Decathlon ku Johannesburg, R250 basi, ndinawonjezera ndi massage gun yomwe. Panopa akumenya mpira pamwamba pa neti ya azibambo, 2.43 mita, osavutika.

Kamdothi: Ali ndi zaka zingati akuluakulu?

MjoniWeniweni: 12

Kamdothi: Kkkkk wa zaka 12 pa 2.43? Amakwera pampando kapena? Ngakhale ya azimayi ya 2.24 ndikukayika.

KochiWaKuZomba: Mayi, mabandi si oipa, koma si amene amadumphitsa mwana. Ntchito yawo ndi kudzutsa minofu ya m'chiuno ndi m'matako kuti potera mawondo asagwere mkati. Chimene chimakweza mwana tsiku la masewero ndi thupi lotentha. Ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono mpaka thukuta liyambe, kenako kukweza mawondo, kumenya zidendene kumatako, kuyenda chammbali atanjuta, ndipo pomaliza adumphe mwamphamvu kasanu kapena kasanu n'kamodzi ngati akutchinga mpira pa neti. Mphindi 10 mpaka 15 zakwana. Chimene ndimaletsa ndi kukhazika ana pansi, kuwakokera mwendo umodzi kupitirira mphindi yathunthu, kenako n'kuwauza kuti kadumpheni. Mnofu wokokedwa nthawi yaitali choncho umayamba wafooka kaye, mwana amadumpha motsika. Zokokazo azichita akamaliza kusewera. Komanso akatenthetsa thupi asakakhale pabenchi theka la ola kudikira timu ina, zonse zija zimazizira.

MphunzitsiWakale: Achimwene, ife tinkagwira zala zakumapazi n'kuwerenga mpaka 60, ndipo tinkawina ndithu. Za masiku anozi n'zongofuna kudyera makolo.

KochiWaKuZomba: Munkawina chifukwa enawonso ankachita zomwezo, bambo. Yesani nokha: mwana apake choko kuzala, aime pakhoma akhudze pomwe akufika, kenako adumphe akhudzenso. Yezani masentimita apakatipo. Lero mutamukoka miyendo, mawa atathamanga ndi kudumphadumpha. Choko sichinama.

WaKabaza: K38,000 yogulira labala?? Pitani kwa okonza njinga akupatseni chubu chakutha, mudule malegeni, mumange mfundo. K1,000 yatha. Katundu wa makilogalamu 50 ndimamangira omwewo, ndiye miyendo ya mwana ingawadule?

NdatopaNazo: Bola chubucho, mwini wake umamuona ndi maso.

MjoniWeniweni: Mwana wanga sangapite kubwalo ndi chubu cha njinga, anzake amuseka.

AnaphiriPaLimbe: Ine mu Limbe ndinawaona pa K15,000. Koma ndalamayo bwanji osagulira nsapato? Ana athuwa akusewera pa simenti atavala zofewa ngati pepala, madzulo akulira bondo. Wanga anatupa pansi pa bondo penipeni, kuchipatala anati zimachitika kwa ana amene akukula n'kumadumpha kwambiri, apume kaye. Pa kaunjika nsapato yabwino mupeza. Zotenthetsa thupi asewere jingo, chingwe n'chaulere.

Kamdothi: K15,000 inali liti Anaphiri? Ndalama isanagwe?

AnaphiriPaLimbe: Mwezi wathawu. Mwina anali atatu osati asanu, sindinawerenge.

KochiWaKuZomba: Jingo ndavomereza, imalimbitsa akatumba ndi akakolo. Chubu ayi, chikaduka chimapita kumaso. Ngati mukufunadi mabandi sonkhani makolo mugule seti ziwiri za timu yonse, ana safunika kuvala onse nthawi imodzi.

MayiWaKu25: Tsono kochi wakeyu akuti wopanda mabandi sakwera basi yopita kumasewero. Ndipo wogulitsayo ndangomva kuti ndi mlamu wake.

Kamdothi: Eyaaa, nkhani yake ndi imeneyo kkkk

MphunzitsiWakale: Ndinanena ine.

ZaMasewero265: Mami ndili nawo oliginolo, K30,000 yokha, ndikubweretserani mpaka pakhomo. Bwerani ku inbox.

NdatopaNazo: Iwe, nambala yako ikuthera 47?