Kodi ku mabungwe a amayi oona za mtendere amalemba anthu a maphunziro anji?

Membala wobisa dzina: Admin chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali alamu anga. Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Machinjiri. Sabata yatha mnzanga wa ku kwaya ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti bungwe lina la amayi loona za mtendere kuno ku Blantyre likufuna anthu ogwira ntchito. Chilandirireni uthengawo tulo sindikugona. Ntchito yanga inatha mu Januwale, ndipo malipiro a miyezi iwiri abwana sanandipatse mpaka lero, ndikapita amangoti bwerani Lachisanu. Eni nyumba akweza lendi, bilu ya madzi akuti ndizilipira theka chonsecho mpope ndi umodzi wa mabanja anayi. Bambo a kunyumba amayendetsa kabaza koma njinga ndi ya eni. Alamu angawo akuti ndisataye nthawi, kumeneko n'kwa amayi a madigiri olankhula Chingerezi cha m'mphuno. Mawu amenewa andipweteka kwambiri. Ine zoyanjanitsa anthu sindikuziyamba lero. Ku mpingo ndine mlangizi, ku banki m'khonde akakangana amaitana ine. Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ndinakhala milungu itatu ku Chilobwe kwa achemwali anga, ndikuthandiza pa kampu. Tsiku lina amayi awiri anagwirana m'makosi chifukwa cha ndowa imodzi, wina ali ndi mwana kumbuyo, ndipo ndine ndinawakhazika pansi mpaka anadyera mbale imodzi madzulo ake. Ndiye ndithandizeni, ku mabungwe amenewa kumagwira anthu otani? Anaphunzira chiyani? Ine angandilembe? Akutseka Lachisanu.

Mkulu wa ku Ndirande: Mayi, alamu anu akuuzani zoona, kungoti choonadi chimawawa. Ku mabungwe ntchito amagawana asanalengeze. Chidziwitsocho amangotulutsa kuti azungu opereka ndalama aone. Ine ndinalemba makalata mpaka nsapato inatha chidendene pakati pa Ginnery Corner ndi Limbe, palibe ngakhale mmodzi anandiimbira foni. Mtendere wake uti? Wokambirana ku nyanja ku Mangochi akulandira ma alawansi?

Wowerengera ndalama ku Limbe: Achemwali, choyamba tiuzeni, ntchito imene alengezayo ndi iti? Chifukwa m'bungwe limodzi mumakhala anthu osiyana kwambiri. Ine ndagwira m'mabungwe zaka zambiri mbali ya ndalama. Wotsogolera nthawi zambiri amakhala woti anaphunzira zamalamulo, zachitukuko kapena za jenda. Oyendetsa mapulogalamu ambiri ndi a social work kapena sociology, ena ochokera ku Chanco ku Zomba, ena ku Catholic University ku Nguludi. Ku ofesi ya ndalama amafuna mapepala a maphunziro owerengera ndalama a ICAM kapena ACCA, pamenepo palibe kunyengerera. Pamakhalanso wolemba malipoti ndi kusonkhanitsa manambala, amene timati wa M&E, ndi wofalitsa nkhani amene kawirikawiri anayamba wakhala mtolankhani. Koma oyenda m'madera ambiri ndi a MSCE ndi satifiketi ya community development, monga ya ku koleji ya Magomero.

Mkulu wa ku Ndirande: Mwatchula mipando yonseyo koma mwasiya umodzi, wa mphwake wa abwana. Umenewo ndiye sufuna pepala.

Mayi wa ku Chilomoni: Ine nkhani ya mpope yandikhudza. Eni nyumba a mu Blantyre muno atikwana. Kwathu mita ndi imodzi, mwini nyumba amachapa mabulangete Loweruka lililonse koma bilu tigawane mofanana. Samukani mayi, ku Chirimba nyumba zilipo.

Wophunzira zamalamulo: Ankolo a ku Ndirande, musanyoze ntchito imene simukuidziwa. Nkhani ya amayi ndi mtendere si ya ma alawansi. Bungwe la United Nations linavomereza chigamulo nambala 1325 mu Okutobala 2000, chonena kuti amayi azikhala nawo pokambirana za mtendere komanso azitetezedwa pa nthawi ya ziwawa. Kuno kwathu tinakhala ndi ndondomeko ya dziko ya mtendere mu 2017, kenako lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022. Ziwiri za kuno kwathuzi zinayamba kukambidwa mwamphamvu anthu 20 ataphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011. Ndipo mukumbukire za amayi a ku Msundwe amene anagwiriridwa ndi apolisi mu 2019. Amene anatengera nkhani ya amayi aja ku khoti ndi a Women Lawyers Association, mpaka khoti lalikulu linalamula mu 2020 kuti apatsidwe chipukuta misozi. Maloya aja akanakhala ongofuna alawansi, amayi aja akanalira okha.

Mkulu wa ku Ndirande: Mwana iwe, ukutiwerengera za m'kalasi. 2011 ine ndinali pamsewu, utsi wokhetsa misozi ndinaupuma ndekha, iwe uli ku pulayimale. Malamulo alembedwa ambiri m'dziko muno. Funsa mayiwa ngati 1325 ingawalipirire lendi.

Wophunzira zamalamulo: Ankolo, kupuma utsi sikukupatsani ufulu wofooketsa mayi amene akufuna kuyesa.

Mtsikana wa ku Bangwe: Asisi samalani kwambiri ndi mauthenga a pa WhatsApp. Ine chaka chatha ananditumizira wofanana ndi umenewo, akuti bungwe la amayi. Anandiimbira foni bwinobwino, mawu aulemu, akuti mwasankhidwa koma tumizani ndalama ya fomu ndi ya yunifomu. Ndinagulitsa mbaula yanga yamagetsi n'kutumiza. Tsiku la intaviyu ndinavala suti yobwereka, kukafika pa malo amene ananena ndinapeza shopu yogulitsa matayala. Nambala ija sinapezekenso. Bungwe lenileni silipempha ndalama kwa wofuna ntchito. Fufuzani kaye ngati linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe, komanso ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, ndipo mukaone ofesi ndi maso anu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Asisi a ku Bangwe pepani kwambiri, ine sanandipemphe ndalama pakadali pano. Za kusamuka n'zovuta chifukwa mwana wamkulu ali Sitandade 8. Alamu anga ndikuona ngati aiona nkhaniyi, m'mawa uno sanandiyankhe moni.

Wowerengera ndalama ku Limbe: Achemwali, simunayankhebe. Ntchitoyo ndi iti, ndipo inu sukulu munalekeza pati?

Mphunzitsi wopuma wa ku Soche: Mwanangu, usadziderere. Ku Liberia mu 2003 amene anakakamiza akuluakulu kuti nkhondo ithe anali amayi wamba, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ambiri ogulitsa pamsika. Ankavala zoyera n'kumakhala pansi padzuwa tsiku ndi tsiku. Mtsogoleri wawo Leymah Gbowee anayamba ndi ntchito yopereka uphungu kwa anthu osweka mtima ndi nkhondo, ndipo mu 2011 analandira mphoto ya Nobel. Nkhani ya ndowa ija uilembe m'kalata yako momwe watiuzira ifemu. Ukapemphenso kalata kwa abusa ndi kwa amene ankayang'anira kampu ija, yochitira umboni kuti unagwira nawo ntchito.

Mkulu wa ku Ndirande: Amayi aphunzitsi ndimakulemekezani, koma ku Liberia kunali nkhondo. Kuno nkhondo yathu ndi mtengo wa chimanga ndi mafuta. Ndalama zimene mabungwewa amaononga pa matisheti ndi zitenje akanagula feteleza, mtendere ukanabwera wokha. Mayi, tengani ndalama ya thiransipoti ndi fotokope muyambe geni ya tomato. Ine ndanena.

Mnyamata wa ku Zingwangwa: Ankolo, kodi si inu munkafunsa pagulu pano mwezi watha ngati pali bungwe lofuna dalaivala?

Mkulu wa ku Ndirande: Ndinafunsadi, ndipo laisensi yanga ndi yoyera. Nanga anandilemba? Ndi zimene ndikunenazo.

Bambo wa ku Chirimba: Nonse mukuiwala malipiro a miyezi iwiri aja. Mayi, pitani ku ofesi ya Labour ndi kalata yanu yolembedwera ntchito kapena umboni uliwonse wa malipiro. Amaitanitsa bwanayo. Zikakanika nkhani imapita ku khoti loona za ntchito. Ine abwana anga akale anandizunguza miyezi isanu ndi umodzi, koma kalata itawapeza ndalama inapezeka.

Namwino wa ku Chitawira: Kungoonjezera, mabungwe otere amagwira kwambiri ndi a Victim Support Unit ku polisi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Ndiye amafunanso aphungu ndi anthu odziwa kulankhula ndi anthu m'dera. Anzanga ena analowa ngati ongodzipereka, kenako anawalemba. Ngati mpando walengezedwawo ndi wa digiri, kafunseni ngati amalandira odzipereka.

Membala wobisa dzina: Bambo a ku Chirimba, kalata yolembedwera ntchito sanandipatse, tinangogwirizana pakamwa. Koma mauthenga a pafoni amene ankandilonjeza Lachisanu ndinasunga onse. Kodi amenewo angalandire?

Wowerengera ndalama ku Limbe: Mauthengawo pitani nawo, musafufute. Koma achemwali, lero ndi Lachitatu. Tumizani chithunzi cha chidziwitsocho ku inbox kwanga, ndione mpando wake ndi zimene akufuna, CV tikonze usiku uno.