Thandizeni: jakisoni woondetsa wosakaniza ku famase, wodalirika ndimudziwa bwanji?

Membala wobisa dzina:
Moni a gulu nonse. A admin chonde mundibisire dzina, muno muli alamu anga awiri, nkhani ikangowapeza mawa ili kale ku Ntcheu. Ndine mayi wa zaka 38, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Thupi landikwera mpaka makilo 104, mawondo akuwawa, masitepe a kwa abwana ndimakwera mopumira. Disembala kuli ukwati wa mng'ono wanga, nsalu ya yunifomu anandidulira mofanana ndi ena onse, telala wati siyikwana. Apongozi nawo pa foni akuti ndikunenepera thukuta la mwana wawo, chonsecho bambo a kunyumba ntchito inawathera mu Epulo, lendi ndikulipira ndine, landilodi wakwezanso.

Abwana anga aakazi amadzibaya jakisoni wotchedwa Ozempic ndipo aonda ndithu. Ine nditafunsa mtengo ku famase ndinangotuluka chamumtima. Tsopano mnzanga wa ku tchalitchi wandiuza za wosakaniza, akuti compounded, mankhwala ake ndi semaglutide yemweyo wa mu Ozempic koma ali m'kabotolo, umakoka wekha ndi sirinji, mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Akuti amachokera ku famase. Ndingadziwe bwanji kuti famase yosakaniza mankhwala ndi yoona? Shuga wanganso amavutavuta. Musandinyoze chonde, ndatopa kale.

Tchona wa ku Mayfair:
Mayi, SIYANI NSIMA YA USIKU. Basi. Ine ndili kuno zaka 21, ndinafika makilo 98, ndinasiya kota (buledi wa tchipisi m'kati uja) ndi zakumwa zotsekemera, ndinayamba kuyenda pansi kuchokera ku Mayfair mpaka m'tauni. Palibe jakisoni amene anandikhudza. Agogo athu ankalima kuyambira mbandakucha, munamvapo kuti ankabayidwa kuti aonde?

Mayi wa anyamata atatu:
Ine chandiwawa ndi cha apongozicho. Mwana wawo ali khale pakhomo, wodyetsa banja ndi inu, akutukwananso inu? Anga anandichita zomwezo mpaka BP inakwera. Osamayankha foni zawo usiku, mudzagona bwino.

Namwino ku Leeds:
Achemwali, musanafike pa famase tiyankheni izi. Mukuti shuga amavutavuta, anakuyezani kuchipatala n'kukuuzani kuti muli ndi matenda a shuga? Mukumwa mapilisi anji? Ndipo kalata ya dokotala yolembera jakisoniyu muli nayo? Popanda mayankho amenewa tonse muno tikungoponya miyala mumdima.

Tchona wa ku Mayfair:
A nesi mwayamba kale kumukokera kwa madokotala kuti akamudye ndalama. Munthu akulira lendi inu mukuti kalata.

Wa ku famase, Pretoria:
Ndimagwira ntchito pa kauntala ya famase, ndiye ndinene zomwe ndimaona. Kusakaniza mankhwala si mlandu kuno. Lamulo la mankhwala, Act 101 ya 1965, limalola famasisti kukonzera mankhwala wodwala mmodzi, wotchulidwa dzina pa kalata ya dokotala. Koma kuphika mabotolo ambirimbiri n'kumagawira anthu ogulitsa pa WhatsApp, kumeneko si kusakaniza kwa famase ayi. Semaglutide ndi Schedule 4, kutanthauza mankhwala ofuna kalata ya dokotala. Munthu akakugulitsani osafunsa kalata ya dokotala, mayeso walephera kale pomwepo, musavutike n'kufunsa zina.

Famase iliyonse yoona inalembetsa ku South African Pharmacy Council, bungwe loyang'anira mafamase, ndipo ili ndi nambala yoyamba ndi Y. Funsani nambalayo ndi dzina la famasisti woyang'anira, mukafufuze pa webusaiti ya Council. Ikhale ndi malo oti mutha kulowa ndi miyendo yanu, osati "tikumana pa garaji".

Mtsikana wa pa Kempton:
Inbox mami ndili nawo original, delivery free

Admin:
Ogulitsa ndikuchotsa. Wachiwiri ndimutulutsa m'gulu.

Mai Busa wa ku Tembisa:
Mwanawe, thupi lako analiumba ndi Mulungu. Ukwati ndi wa tsiku limodzi. Gula mita ina ya nsalu, telala alumikize, usadziphe chifukwa cha zithunzi.

Ndinapulumuka:
Ndilembe za ine mwina wina aphunzirepo. Chaka chatha ndinagula kabotolo kotere kwa mayi wina wa ku saluni. Analibe pepala lililonse, anangonditumizira voice note kuti "ukoke 5". Sirinji inali ya insulin ija ya ma unit 100. Ine poona kuti pa 5 ndi kadontho chabe, ndinaganiza kuti akunena 50, pakatikati. Ndinadzibaya kuchulukitsa kakhumi. Abale, ndinasanza masiku atatu, ngakhale madzi sankakhazikika, mpaka anandiika dripu. Nditamuimbira mayi uja, nambala yanga anali atabuloka. Mpaka lero sindidziwa chomwe chinali m'kabotolomo. Ndipo ntchito ya masiku amenewo anandidula malipiro.

Tchona wa ku Mayfair:
MWAMVA? Ndimanena ine. Nsima ya mgaiwa pang'ono, masamba ambiri, madzi a mandimu m'mawa. Thupi limasungunuka lokha.

Namwino ku Leeds:
Bambo, kuyenda ndi kuchepetsa nsima n'kwabwino, palibe akukana. Koma mandimu sasungunula mafuta, ndipo munthu wa shuga simungamuchize ndi mawu akuluakulu. Za mlongo wathu wadzibaya 50 m'malo mwa 5, si iye yekha. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza mu 2024 za kulakwitsa komweku, chifukwa Ozempic weniweni amabwera m'chobayira chonga cholembera chomwe chimayeza chokha, pomwe kabotolo umayeza ndiwe. Mlingo woyambira ndi 0.25 mg kamodzi pa sabata kwa masabata anayi. Kuti 0.25 mg ndi ma unit angati zimatengera mphamvu ya botolo limenelo, ndipo mabotolo osakaniza safanana. N'chifukwa chake wokuonetsa pa sirinji ayenera kukhala famasisti, osati mnzako wa ku kwaya.

Tchona wa ku Mayfair:
Inu a ku UK mumaona ngati tonse tili ndi NHS, zipatala zanu zaulere zija.

Mjomba wa ku Indiana:
Kuno ku America nkhaniyi inavuta kwambiri. Mankhwalawa atasowa, boma linalola mafamase kusakaniza, makampani a pa intaneti anatumphuka ngati bowa. Kenako FDA inalengeza kuti kusowa kwa tirzepatide, jakisoni wina wofanana naye, kunatha kumapeto kwa 2024, kwa semaglutide mu February 2025, ndiye chilolezo chokopera mankhwalawa mwaunyinji chinatha. Chomwe ndinatolapo ndi ichi: ena ankagwiritsa ntchito semaglutide sodium kapena semaglutide acetate, zomwe si zimene zili mu Ozempic ndi mnzake Wegovy. Ena pa botolo analemba kuti research use only, kutanthauza kuti si zobaya munthu. Mukaona mawu amenewo thawani. Koma ine mkazi wanga anandisiya ataonda, ndiye mankhwalawa ndilibe nawo mawu abwino.

Mnyamata wa pa Bree:
A Mjomba nkhani yeniyeni mwaibisa kumapeto 😂 tiuzeni bwino

Mayi wa anyamata atatu:
Anakusiyani chifukwa cha jakisoni kapena khalidwe? Amuna mumakonda kunamizira zinthu.

Mjomba wa ku Indiana:
Mayi simukundidziwa, musandiweruze.

Wa ku famase, Pretoria:
Tibwerere kwa mwini funso. Lebulo iwerengeni musanalipire. Pakhale dzina lanu, dzina ndi adiresi ya famase, mphamvu ya mankhwala pa mL iliyonse, nambala ya batch ndi tsiku lothera ntchito. Muli ndi ufulu wofunsa komwe anagula ufa wa mankhwalawo ndi pepala la ku labu lotsimikiza kuti anauyeza, komanso ngati ali ndi chipinda chokonzera mankhwala obaya mopanda majeremusi. Famase yoona sikwiya ndi mafunso amenewa. Chinanso, mankhwalawa amasungidwa mu firiji, madigiri 2 mpaka 8. Akabwera nawo m'chikwama cha m'manja atazungulira nawo m'taxi tsiku lonse, musalandire. Dziwaninso kuti ngakhale famase ikhale yolembetsa, mankhwala osakaniza SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku South Africa, siinawayeze ngati momwe imayezera olembetsedwa. SAHPRA yomweyo inachenjeza anthu mu 2024 za majakisoni oterewa ogulitsidwa m'njira zosadziwika.

Wa ku Area 25:
Nanga kuno kumudzi tingawapeze kuti? Pali wina amabweretsa pa basi kuchokera ku Joni.

Namwino ku Leeds:
Pa basi masiku awiri kudutsa kutentha kwa ku Tete? Ayi ndithu. Funsani dokotala wanu, ndipo famase ikhale yolembetsa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase ku Malawi. Musamakhulupirirenso bokosi lokongola. Mu 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala atadzibaya zolembera zabodza zolembedwa Ozempic, shuga atatsikiratu, ndipo WHO inatulutsa chenjezo la semaglutide wabodza mu June 2024.

Tchona wa ku Mayfair:
Zonsezi mukungotsimikiza mawu anga. Ndani anagonekedwapo chifukwa cha bonongwe? Mayi, mawa 5 koloko valani nsapato muyambe kuyenda. Ine ndili ndi zaka 56 koma anyamata a muno sangandipeze.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga ndili m'taxi. A Tchona, ine 5 koloko ndimakhala ndili kale pa mzere wa taxi, ndimafika kunyumba 7 usiku, ndiyende nthawi yanji? A Mai Busa, si zithunzi zokha, mawondowa akundilepheretsa ntchito. Kalata ya dokotala ndilibe, mnzangayo anati sifunika. Ndamufunsa dzina la famase, akuti afunsa kaye kwa amene amamupatsa. Ku kiliniki anandipeza ndi shuga chaka chatha, ndimamwa mapilisi a mitundu iwiri, akuluakulu ndi ena ang'onoang'ono, koma ndimadumphitsa ndikatanganidwa. Ndimafuna ndionde msanga chifukwa tikufunanso mwana wina, za kulera ndinasiya mu Juni, apongozi akhala akunena kuti mmodzi sakwana.

Namwino ku Leeds:
Achemwali, izi ndiye munayenera kuyamba nazo! Kabotoloko musagule. Semaglutide sabayidwa munthu woyembekezera, ndipo wofuna pathupi amauzidwa kusiya miyezi iwiri asanatenge. Inu mwina muli napo kale osadziwa, kayezetseni. Chachiwiri, ngati ang'onoang'onowo ndi glibenclamide, glimepiride kapena gliclazide, kuphatikiza ndi jakisoniyu shuga atha kutsika mpaka kukomoka muli nokha m'nyumba ya abwana. Pitani ku kiliniki komwe mumatenga mapilisi, muwauze kuti mukufuna mwana, akuyezeni magazi a HbA1c oonetsa momwe shuga wakhalira miyezi yapitayi, aonenso ngati mapilisiwo ndi oyenera munthu wofuna pathupi. Shuga wosakhazikika m'masabata oyamba amavulaza mwana.

Tchona wa ku Mayfair:
Apa pokha a nesi ndagwirizana nanu. Koma nsima ya usiku asiyebe.

Mayi wa anyamata atatu:
Mwaona? Apongozi omwe aja.

Membala wobisa dzina:
Mayina a mapilisi sindikuwakumbuka, timapaketi tili kunyumba. Tsiku langa lopuma ndi Lachinayi.

Namwino ku Leeds:
Mukafika mujambule timapaketito, mubise dzina lanu, mutumize pompano. Lachinayilo mupite nato ku kiliniki.