Kupita ndi galu ku Cape Maclear ndi ku Liwonde: kodi amalola?

Wa_ku_Mpondasi

Moni nonse. Mu Okutobala tikufuna kunyamuka pa Boma la Mangochi kupita ku Cape Maclear masiku awiri, pobwerera tidzapitirire ku Liwonde kukaona nyama. Tili ndi galu wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 20, ndipo kumusiya pakhomo zikutivuta. Kodi m'mapakimu amalola agalu? Nanga mapiri a ku Chembe tingakwere naye? Galimoto yake ndi pikapu. Tigawireniko nzeru.

Mlonda_wa_Thengo

Achimwene, za ku Liwonde iwalani. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire sililola kulowetsa chiweto m'paki popanda chilolezo, ndipo alonda a pageti akangomuona akubwezani, ngakhale mulumbire kuti satsika m'galimoto. Si nkhanza ayi. Pakiyi akuiyendetsa a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2015, ndipo abwezeretsamo nyama zimene zinatha kalekale: mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Mimbuluyo ndi abale ake a galu wanu, matenda awo ndi amodzi. Chiwewe kapena matenda ena opatsirana a agalu otchedwa distemper zikalowa m'gulu la mimbulu, gulu lonse limatha psiti. Ku Serengeti mu 1994, distemper yochokera kwa agalu a m'midzi inapha mikango pafupifupi 1,000. Nkhalango ya Mangochi nayonso inalowa m'manja mwa African Parks mu 2018, ndiye musaione ngati pozembera.

Ku Cape Maclear nkhani yake ili pawiri. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba za mbuna. Mudzi wa Chembe wazunguliridwa ndi paki koma wokha si paki, anthu amaweta agalu awo bwinobwino. Mapiri a kuseri kwa mudzi, njira ya ku Otter Point, zilumba za Thumbi ndi Domwe, zonsezo ndi paki. Choncho galu angathe kufika ku Chembe n'kumayenda m'mudzi ndi m'mphepete mwa nyanja ali pachingwe, koma kuphiri ayi. Imbirani malo ogona musananyamuke, si onse amalandira agalu.

Ngakhale lamulo likanalola, mapiri amenewo ndi a anyani. Galu akaona nyani amathamangitsa, gulu limathawira m'miyala ngati likuopa, kenako amuna akuluakulu amatembenuka. Mano a nyani wamphongo amang'amba mimba ya galu kamodzi n'kamodzi.

Dalaivala_wa_M10

Zamalamulo anena akuluwa n'zoona. Ine nkhawa yanga ili pa mwezi mwasankhawu ndi pikapuyo. Mu Okutobala kuno kutentha kumadutsa madigiri 35, ndipo galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa ndi wefuwefu wa pakamwa basi. Kukanakhala kusankha, Juni kapena Julayi, nthawi ya mwera, ndiye yabwino.

Kumbuyo kwa pikapu chitsulo chimapsa moti zikhatho zimasupuka musanafike n'komwe pamphambano ya ku Monkey Bay. Ngati sakhala nanu kutsogolo, muikeni m'khola la waya lomangidwa zolimba kungodya zonse zinayi, pansi pake thabwa ndi chiguduli, pamwamba chotchinga dzuwa koma mbali zotsegula kuti mphepo izidutsa. Osamumanga ndi chingwe chachitali chapakhosi: akaona mbuzi n'kudumpha amalendewera pambali pa galimoto. Msewu wokhotera ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 18 aja, ndi wokhotakhota, wokwera ndi kutsika, ndipo m'pamene agalu ambiri amasanza. Mudyetseni maola atatu kapena anayi musananyamuke, osati ponyamuka penipeni. Nyamukani 5 koloko m'mawa.

Madzi: galu amafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Wanuyo ndiye kuti lita imodzi ndi pang'ono atangokhala pamthunzi. Akamayenda padzuwa werengerani malita awiri kapena atatu, ake okha, ndi kabakuli kake. Mpatseni pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, osati kugugudiza kamodzi.

Musanayende naye ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga kapena pamwala, muwerenge mpaka 7. Mukalephera kupirira, iyenso sangapondepo. Nthawi yoyenda ndi isanakwane 8 koloko m'mawa ndi kuyambira cha m'ma 5 madzulo.

Mukaona lilime latalika n'kufiira kwambiri, dovu lanandalanda, miyendo yakumbuyo ikudzandira, kutentha kwamulowa. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likadutsa 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Muikeni pamthunzi, mthireni madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi pakhosi, muzimukupiza. Osamufunditsa thawulo lonyowa, limasunga kutentha. Akatsitsimuka pitanibe naye kwa a vetenale, chifukwa impso zimatha kufooka mawa lake. Ndipo m'galimoto yoima musamusiyemo, ngakhale mwangotsika kukagula nsomba.

Mlangizi_wa_Ziweto

Ndiwonjezere za matenda. Katemera wa chiwewe akhale wa chaka chino, ndipo ngati watha nthawi mubayitseni kudakali milungu itatu kapena inayi ulendo usanafike, chifukwa sagwira tsiku lomwelo. Khadi lake likhale m'galimoto. Galu wanu akaluma mwana ku Chembe, funso loyamba lidzakhala la khadilo. Bala la kulumidwa, la munthu kapena la galu, litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala.

Nkhupakupa ndizo zimapha mwakachetechete. Mankhwala ake mpatseni masiku angapo ulendo usanayambe, ndipo madzulo alionse mufufuzeni m'makutu, pakati pa zala ndi kunsi kwa mchira. Pochotsa gwirani pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika, osafinya mimba yake, osatentha ndi machesi. Mukabwerera kunyumba muziona nkhama zake kwa milungu itatu. Zikayera, galu n'kusiya kudya, mkodzo n'kuda ngati tiyi, ndi malungo a nkhupakupa amenewo, musadikire mawa. Panado kapena Brufen wa anthu musamupatse, amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba.

Ku Liwonde kuli chifukwa china chimene sichinatchulidwe: kashembe. Ntchentche imeneyi imakonda kutsatira galimoto yoyenda, ndipo tizilombo timene imafalitsa timagwira agalu moopsa. Maso amachita mtambo, thupi limatentha, galu amaonda msangamsanga.

Kunyanja samalani zinthu zing'onozing'ono. Galu akagona pamchenga wa pamthunzi pamene agalu ena amakodza, amatenga mphutsi zolowa pakhungu. Mudzaona katupsya kokhala ndi kabowo pakati. Pakanipo Vaseline, mphutsi ikasowa mpweya imasuzumira, ndiye mufinye pang'ono ituluke yathunthu. Pagombe pamatayika mbedza zokhala ndi nyambo. Akameza, musakoke ulusi, mangirirani kukolala n'kuthamangira kwa a vetenale. Pamatandala oyanika usipa mufupikitse chingwe, apo ayi mudzalipira nsomba za eni. Komanso kuno ambiri, makamaka abale athu achisilamu, sakonda kukhudzidwa ndi galu, ndiye musamulole kununkhiza anthu kapena kuyandikira pamzikiti.

Wa_ku_Mpondasi

Zikomo kwambiri akuluakulu, Liwonde tamuchotsa, tidzapita tokha. Nanga kusambira? Ameneyu akaona madzi sagwirika.

Mlonda_wa_Thengo

Pagombe loyera la mchenga pamene ana a m'mudzi akusamba masana, msiyeni asambire, chingwe chachitali chili m'manja mwanu. Pamabango, pamathiriro a mitsinje, mu Shire monse kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi kutsikira ku Malombe, asayandikire n'komwe, makamaka m'bandakucha ndi chisisira. Ng'ona imamva phokoso la galu wosambira ili patali, ndipo galu wa makilogalamu 20 ndi saizi yake yeniyeni. Mukafika funsani asodzi kuti mvuu zikumatulukira pati usiku, mbali imeneyo musayende naye kukada.