Za funso langa lija la munthu wopandukira Mulungu

Ndinafunsa kuti, ngati Mulungu ndiye wolamulira zonse, kodi munthu amene wamupandukira mwadala, akudziwa choonadi, angabwerenso n'kumupembedza? Zikomo abale ndi alongo amene munandiyankha. Ambiri munatchula Saulo wa pa njira ya ku Damasiko, koma amene wandigwira mtima ndi Manase, pa 2 Mbiri 33.

Mfumuyi inalamulira ku Yerusalemu zaka 55. Bambo ake anali Hezekiya, munthu woopa Mulungu, ndiye sitinganene kuti Manase sankadziwa. Komabe anamangira Baala maguwa, anawotcha ana ake ngati nsembe, mpaka kuimika fano m'Kachisi mwenimwenimo. Mulungu anachenjeza, iye osamva. Kenako Asuri anamugwira, n'kumumanga maunyolo kupita naye ku Babulo. Kumeneko n'kumene anadzichepetsa n'kupemphera, ndipo Mulungu anamubwezera pa ufumu wake. Atabwerera anachotsa mafano aja, n'kukonzanso guwa la Yehova.

Chimene ndaona n'chakuti Manase sanayambe yekha kufuna Mulungu. Asuri ankangochita zawo zankhondo, osadziwa kuti akutumikira cholinga cha Mwini zonse. Kwa ine, maunyolo aja analinso chisomo, ngakhale ena mwa inu mukuti chinali chilango basi.

Koma zipsera zinatsala. Mwana wake Amoni anabwerera ku mafano omwe aja, ndipo 2 Mafumu 24 imati Yuda anawonongedwa chifukwa cha machimo a Manase. Apa mpamene ndikusinkhasinkhabe, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu.