Za phiko la pa buti lija, ndasiya

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati phiko la ndege limagwiranso ntchito pa galimoto, poti ndinkafuna kumangirira lina pa Corolla yanga.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja amene anati ndimate tizingwe ta ulusi pa galasi lakumbuyo ndi pa buti, wina azijambula ndi foni ndikuyendetsa. Ta pa denga tinagona bwinobwino kuloza kumbuyo. Koma ta m'munsi mwa galasi tinkangovina balalabalala, tina mpaka kuloza kutsogolo! Mphepo ya pamenepo ndi yosokonezeka, ndiye phiko lalifupi lingangokhala chokongoletsera.

Komabe mfundo yoti phiko la ndege limagwiranso ntchito pa galimoto ndi yoona ndithu. Phiko la galimoto za mpikisano ndi la ndege lomwe lija koma lotembenuza, m'malo monyamula limakanikizira matayala pansi. Mu mpikisano wa galimoto wa Formula 1 anayamba kuika mapiko otere mu 1968, ndipo amene ankawamanga m'mwamba kwambiri anawaletsa mu 1969 atathyoka pa galimoto za Lotus ku Barcelona.

Kwa amene mukuganiza zogula: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokanikizayo imawirikiza kanayi. Pa 80 km pa ola ndi yochepa zedi, chikhalirecho phikolo likukoka galimoto m'mbuyo n'kumadya mafuta. Ndalama ija ndagulira matayala atsopano.